Liwu loti "run" si kuthamanga kokha: momwe mungapezere tanthauzo lake m'chiganizo

Tonse amene tinaphunzira Chingerezi kupulayimale tinaloweza kuti "run" ndi kuthamanga. Aphunzitsi sananame ayi, koma anangotibenthulira pang'ono. Ndili Sitandade 7 tinapatsidwa chiganizo choti "My uncle runs a shop" kuti timasulire, ine n'kulemba mopanda mantha kuti amalume amathamangira kusitolo. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, chonsecho theka la osekawo linalemba zomwezo.

Kaliwu ka zilembo zitatuka n'kolemera kuposa maonekedwe ake. Olemba dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary atamaliza kukakonzanso m'chaka cha 2011, anawerenga matanthauzo 645 a mneni yekhayo, ndipo ntchitoyo inamudyera mmodzi wa olembawo, Peter Gilliver, miyezi 9. M'dikishonale yomweyo yosindikizidwa mu 1989, liwu limene linkatsogola linali "set", lokhala ndi matanthauzo 430. Palibe munthu amene analoweza zonsezi, ngakhale wobadwira ku London. Inunso musayese n'komwe. Chimene mukufunika ndi njira yoti mukakumana ndi "run" m'nyuzipepala, pa fomu kapena pa mayeso a MSCE, muzidziwa kofufuza yankho.

Choyamba: kumbukirani kuti luso limeneli muli nalo kale

Taganizani za liwu lathu loti kumva. Ndamva kuti alendo afika. Ndikumva kuzizira. Ndikumva fungo la utsi. Chitumbuka amamva koma sayankhula. Mwana uyu samva. Matendawa sakumva mankhwala. Makutu agwira ntchito m'chiganizo choyamba chokha, koma simunasokonezeke paliponse, chifukwa mawu oyandikana nalo ndiwo amakuuzani kumva kwake. Mlendo wophunzira Chichewa akafuna kuti kumva kukhale kwa makutu basi, adzavutika ngati mmene ife timavutikira ndi "run".

Ndiye musanapite patali, chotsani m'mutu chithunzi cha munthu wothamanga, muikemo china chotakasuka: chinthu chimene chikupitirira osadukiza. Ngakhale m'Chingerezi chakale kwambiri, liwuli linkanena za madzi oyenda komanso za miyendo. Matanthauzo ambiri amene mudzakumane nawo ndi nthambi za chithunzi chimenechi.

Chachiwiri: onani ngati ndi mneni kapena dzina

Apa sipofunika kuchedwapo. Mneniyu amasintha motere: "run" lero, "ran" dzulo, ndipo pambuyo pa "has", "have" kapena "had" amabwereranso kukhala "run". Palibe "runned". Ambirife timatchula "run" ndi "ran" mofanana, n'chifukwa chake polemba timalakwitsa n'kuika "has ran". Kumbukiraninso kuti "running" ali ndi n awiri.

Mukaona "a" kapena "the" patsogolo pake, ndiye kuti ndi dzina. "Go for a run" ndi kupita kokathamanga, "on the run" ndi munthu amene akuthawa apolisi, "in the long run" ndi m'kupita kwa nthawi, ndipo "a run of bad luck" ndi minyama yotsatizana.

Chachitatu: funsani kuti, kodi chikuchita "run" n'chiyani?

Funso ili ndilo limamasula mfundo zambiri, choncho tikhalapo pang'ono. Pezani mwininkhani wa chiganizo, kenako mudzifunse ngati ali ndi miyendo.

Ngati ndi munthu kapena nyama, ndipo pambuyo pa mneni palibe china chachilendo, n'kuthamanga kwathu komwe kuja. "The boy ran home." Palibe chovuta.

Ngati ndi chinthu chamadzimadzi, ganizani za kuyenda kapena kuchucha. "The Shire runs from Lake Malawi into the Zambezi" akungonena kumene mtsinjewo umachokera ndi kumene umakathira. "The tap is running" ndiye kuti wina wasiya mpopi wosatseka. "Tears ran down her face" ndi misozi yotsika m'masaya. "My nose is running" ndi mamina a chimfine, mphuno ili pomwepo sinapite kulikonse. Nyumba ya lendi ikalengezedwa kuti ili ndi "running water", akunena madzi a m'mipopi. Ndipo amayi amene anachapapo chitenje chatsopano pamodzi ndi malaya oyera amadziwa bwino tanthauzo la "the colour ran": mtundu wa chitenje unatuluka n'kuthimbiriritsa zinazo.

Ngati ndi makina, tanthauzo n'lakuti akugwira ntchito. Pano ife timamvera khutu, timati injini ikulira, pomwe Chingerezi chimati "the engine is running", ngakhale galimotoyo yaima pamalo amodzi. Mukaona "on" pambuyo pake, akukuuzani chimene makinawo amayendera: "the maize mill runs on diesel" ndi chigayo cha dizilo.

Ngati ndi basi, sitima kapena minibasi, nkhani ndi ya maulendo ake a nthawi zonse, osati liwiro. "The Ilala runs between Monkey Bay and Chilumba" sakutanthauza kuti sitimayo imathamanga. Aliyense amene anaikwerapo angakuuzeni kuti ilibe phuma. Akungonena kuti ndiyo njira imene imayenda, ndipo yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. "Buses don't run on this road at night" ndiye kuti usiku musadikire, simupeza basi.

Gulu limene limadabwitsa ophunzira ndi la zinthu zosasuntha n'komwe: msewu, mpanda, waya, paipi. "The M1 runs through Lilongwe." Msewu uli chigonere, koma diso lanu likautsatira limapitirira osadukiza. Ifenso timatero: msewu umadutsa mu Lilongwe, njira iyi imapita kuchigayo. Masulirani ndi kudutsa, kulowera kapena kufika.

Zinthu zokhala ndi nthawi yake zimatsata njira yomweyo. "The contract runs for two years" ndi mgwirizano wa zaka ziwiri. "The course runs from January to June" ndi maphunziro oyamba Januwale kutha Juni. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa zinthu zandalama, choncho mukaona "run" pa pepala limene mukufuna kusainira, yang'anani masiku amene ali pambali pake. M'gulu lomweli muikemonso "it runs in the family", chimene ife timati n'chakumtundu, kaya ndi matenda a shuga, dazi kapena luso la kuimba.

Chachinayi: yang'anani ngati pali chinthu chimene akuchichita "run"

Tibwerere kwa amalume aja. Chimene chinandigwetsa n'chakuti sindinaone kuti pambuyo pa "runs" panabwera "a shop" mwachindunji, popanda "to". Kukanakhala "runs to a shop", ndikanakhoza. Popanda kaliwuko, amalume ndi mwini sitolo kapena woiyang'anira.

Chichewa chimatithandiza kumvetsa zimenezi kuposa mmene mabuku ambiri amafotokozera. Ife tikafuna kuonetsa kuti munthu akuchititsa chinthu, timasintha mneni: kuyenda kumakhala kuyendetsa. Chingerezi sichisintha kalikonse pa liwuli. "The school runs well" ndi sukulu ikuyenda bwino. "She runs the school well" ndi akuyendetsa bwino sukulu. Choncho mukaona "run" kenako bizinesi, sukulu, mpingo, bungwe kapena dziko, lembani kuyendetsa ndipo simulakwa. Mawu ngati "government-run hospital" kapena "family-run business" akungokuuzani woyendetsayo.

Koma si pamtherankhani aliyense amene amalola kuyendetsa. Pali ena amene muyenera kuwadziwa paokha, ndipo ofunika kwambiri ndi awa. "Run a race" kwabwereranso ku miyendo. "Run a test" kuchipatala ndi kuyeza, monga magazi. "Run a fever" kapena "run a temperature" ndi kutentha thupi. "Run a risk" ndi kudziika pachiswe. "Run errands" ndi kuyendera timaulendo ta apa ndi apo, monga mwana wotumidwa kumsika ndi kuchigayo. Nyuzipepala ikachita "run a story" ndiye kuti yaitulutsa nkhaniyo. "Run a bath" ndi kutsegulira madzi m'bafa kuti lidzaze. Ndipo mnzanu wa ku Britain akati "I'll run you home", musavule nsapato. Akukuperekezani pa galimoto.

Chachisanu: musadumphe kaliwu kakang'ono kotsatira

Maso athu amakonda mawu akuluakulu, n'kumadumpha "out", "into", "over", "up", "down". Pa "run" kudumpha kumeneko n'kumene kumapha, chifukwa timawuti timatembenuza tanthauzo lonse.

Yambani ndi "run out of", popeza ndi amene mudzakumane naye tsiku ndi tsiku. "We have run out of sugar" ndi shuga watithera. Onani kusiyana kwa kamangidwe: ife timati chinthucho chatha kapena chatithera, iwo amaika munthu patsogolo ngati kuti ndiye wachita kanthu. Angathenso kunena "the sugar has run out", popanda "of", ndipo apa afanana nafe. Mayunitsi, mafuta a galimoto, nthawi, ngakhale kuleza mtima, zonse zimatha mwa njira imeneyi.

Msampha wake ndi uwu: "He ran out of the house" si kuti nyumba yamuthera. Watuluka m'nyumba chothamanga. Mudziwa bwanji? Yang'anani dzina lotsatira. Ngati ndi malo amene munthu angatulukemo, ndi miyendo. Ngati ndi chinthu chimene chimatha, ndiye chatha.

Muyeso womwewo ugwiritseni pa "run into". Akatsatira ndi malo, monga "into the house", walowa chothamanga. Akatsatira ndi mtengo kapena khoma, wawomba. Akatsatira ndi munthu, monga "I ran into my old teacher at the market", angokumana mosayembekezera, palibe anagwa. Akatsatira ndi "trouble" kapena "debt", wagwa m'mavuto kapena m'ngongole.

Enawo ndingowadutsa mwachangu. "Run over" ndi kuponda ndi galimoto, koma msonkhano ukachita "run over" ndiye kuti wapyola nthawi. "Run away" ndi kuthawa. "Run off with" ndi kuthawa ndi chinthu kapena ndi munthu, ngati msungichuma wa banki m'khonde wozemba ndi bokosi. "Run after" ndi kuthamangira pofuna kugwira. "Run up a bill" ndi kuunjika ngongole, za pa golosale zija zoti lembani ndidzapereka pakutha pa mwezi. "Run through" ndi kubwereza mwachidule, monga kwaya isanakwere kutsogolo. "Run down" ali ndi nkhope zingapo: batire kutha mphamvu, kunyoza munthu, ndipo nyumba yotchedwa "run-down" ndi yosasamalidwa, yoyamba kugumuka. Bwana akati "run it by me first", akufuna muyambe mwamuuza kaye musanachite.

Nthawi zina chotsatira chimakhala mfotokozi, ndipo "run" amangotanthauza kufika pa mkhalidwe winawake. "The well ran dry" ndi chitsime chaphwa. "We are running low on flour" ndi ufa watsala pang'ono. "I'm running late" ndi ndachedwa, ngakhale wonenayo ali khale m'minibasi yodikira kudzaza.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani bwalo limene nkhani ikukambidwa

Mafunso a m'mbuyomu akakanika, ndiye kuti mwina liwuli lavala yunifomu ya ntchito inayake.

Pa ndale, "run for president" ndi kupikisana nawo pa mpando. Ndi kanenedwe kofala kwambiri ku America. Ku Britain kuyambira kale amakonda "stand for election", kamene kali pafupi ndi kuimira kwathu. Pa ndale pomwepa palinso "running mate", mawu amene pa nthawi ya chisankho amamveka pa wailesi iliyonse kuno kwathu, kutanthauza woima naye amene adzakhale wachiwiri akapambana. "Run-off" ndi chisankho chachibwereza cha awiri otsogola, pomwe "runner-up" ndi amene wathera pa nambala 2 pa mpikisano uliwonse.

Pa masewera a cricket ndi baseball, "run" ndi chimene amawerenga pofuna kudziwa wopambana, monga zigoli pa mpira wamiyendo. Mukawerenga kuti timu ya India yapambana "by 20 runs", n'kusiyana kwa mapointi.

Pa zachuma, "a run on the bank" ndi pamene anthu ambiri achita mantha n'kukhamukira kukatapa ndalama zawo nthawi imodzi. Zinachitikira banki ya Northern Rock ku Britain mu Seputembala 2007, anthu n'kundanda pa mizere kunja kwa nthambi zake.

Pa kompyuta, "run" ndi kutsegula pulogalamu kuti iyambe kugwira ntchito. Pa Windows mukadina batani la Windows pamodzi ndi R, pamatuluka kabokosi kotchedwa Run komwe mumalembamo dzina la pulogalamu. Foni ikakuuzani kuti "apps running in the background", ndi mapulogalamu amene akugwirabe ntchito mobisika, n'kumadya batire ndi bandulo.

Pa zaumoyo pali chenjezo limodzi kwa amene muli kunja. Kuno tinazolowera kunena "running stomach" pa kutsegula m'mimba, ndipo kuchipatala chilichonse kwathu kuno akumvani. Dokotala wa ku Manchester akhoza kukuyang'anani kawiri. Muuzeni "diarrhoea". Eni chinenero ali ndi kanenedwe kawo koti "the runs", koma n'kocheza ndi anzanu, sikolemba m'kalata yopempha tchuthi.

Chachisanu ndi chiwiri: tsegulani dikishonale mochenjera

Dikishonale ibwere pomaliza, osati poyamba. Amene amayamba nayo amawerenga tanthauzo nambala 1, n'kupeza kuthamanga, n'kutseka buku. Inu pitani muli kale ndi mayankho a mafunso aja: ndi mneni kapena dzina, akuchita ndani, chotsatira n'chiyani.

Sankhani dikishonale ya ophunzira, monga za Oxford, Longman kapena Cambridge, zimenenso zimapezeka pa intaneti. Ubwino wake n'ngwakuti matanthauzo amakhala ndi timitu tatifupi, choncho mumangoyendetsa chala mpaka pa kamutu kogwirizana ndi chiganizo chanu. Mneni wophatikana ndi timawu tija, monga "run out" ndi "run into", amaikidwa kumapeto kwa ndime ya "run", pamodzi ndi zining'a. Ambiri safikako. Mukapeza tanthauzo, werengani zitsanzo zake, kenako liikeni m'chiganizo chanu m'malo mwa "run" muone ngati chikumvekabe. Chikapanda kumveka, mwatola lolakwika, bwererani.

Za mapulogalamu omasulira pa foni, maganizo anga ndi awa: musamawapatse liwu limodzi lokha. Lembanimo chiganizo chonse, ndipo chimene akupatseni muchiyese ndi nzeru zanu.

Chachisanu ndi chitatu: sungani zimene mwatola, ndipo samalani pobwerera

Patulani tsamba limodzi m'kope, pamwamba mulembe "run". Kwa sabata imodzi, paliponse pamene mwakumana nalo, kaya m'nyuzipepala, pa wailesi kapena pa WhatsApp, lembani chiganizo chonse, pambali pake muike mmene munganenere mutakhala mukuuza agogo anu. Osalemba "run out of" payekha. Lembani "we ran out of charcoal", makala anatithera. Chiganizo chokhudza moyo wanu chimakhazikika, mndandanda wouma umauluka mayeso asanafike.

Chomaliza chofuna kusamala ndi ulendo wobwerera, pochoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi. Mukazolowera kuti "run" ndi kuthamanga komanso kuyendetsa, dzanja limafuna kumuika paliponse. Koma kuyendetsa galimoto ndi "drive", njinga ndi "ride". Kuthamangitsa mbava ndi "chase". Mtima ukamathamanga amati "my heart is racing". Ndipo kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti BP, ndi "high blood pressure". Mukalemba "running blood" pa fomu ya kuchipatala, adzayamba kufunafuna bala. Kumene tagwirizana ndi pa kuthamangathamanga kofuna ndalama ya ndiwo, iwonso amati "running around".

Tsopano tiyese njira yonseyi pa chiganizo chimodzi chimene ndachipeka dala:

"The clinic, which is run by two nurses, ran out of gloves three days running, and the local paper ran the story."

Woyamba: chinthu chake ndi chipatala, ndipo "by" akutionetsa ochita ntchitoyo, choncho ndi kuyendetsa. Wachiwiri ali ndi "out of", ndipo magolovesi si malo otulukamo koma chinthu chimene chimatha. Wachitatu sitinamukambe, koma chithunzi chija cha kupitirira osadukiza chikuthandizani: wabwera pambuyo pa masiku, ndiye ndi masiku otsatizana. Wachinayi mwininkhani wake ndi nyuzipepala. Mukaphatikiza, mupeza kuti pa chipatala china chaching'ono, choyendetsedwa ndi anamwino awiri, magolovesi anatha masiku atatu otsatizana, ndipo nyuzipepala ya m'deralo inalemba nkhaniyo. "Run" anayi, wothamanga palibe ndi mmodzi yemwe.